Dzina Limene Ambuya Soko Anavala

Papita chaka ndi mwezi umodzi chimwalirire ambuya anga aamuna, amene anthu a kuno ku Palabana ankawadziwa kuti ba Tobiyasi Soko, womenyera ufulu. Mbiri imene inawerengedwa m'tchalitchi pa maliro awo ndinalemba ndine. Amalume a Geresomu, mwana wawo woyamba, ankanena, ine ndikulemba, chifukwa pabanja pathu amati dzanja langa ndi loyera. Anthu anayamikira. Titabwerako kumanda, ambuya aakazi, a Esinati, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati dzanja silinandiwawe polemba.

Mbiri ija inali yabodza kuyambira pa mzere woyamba, pa dzina penipeni. Ino ndi yachiwiri. Ine sukulu ndinaphunzira kumudzi ndipo sindinapite nayo patali, choncho pamene ndalakwitsa mundikhululukire. Sindifuna kunyoza wakufa. Anandisunga pakhomo pawo amayi anga atamwalira, ndipo ndinadya zawo. Koma ambuya Esinati anakhala ukwati wawo wonse akufuna chinthu chimodzi chokha, kuti dzina lija libwerere kwa mwini wake, ndipo ine ndi dzanja langa loyeralo ndinathandiza kulikwirira.

Ndiyambe ndi mpando. Ambuya Soko anali ndi mpando wochokera m'minibasi yakufa, umene anaukhomera pa matabwa n'kuuika pansi pa mtengo wa mapeyala, umene kuno timati kotapela, moyang'ana njira yopita ku pampu ya madzi. Aliyense wopita kukatunga ankadutsa pamaso pawo. Akuluakulu ankatsika pa njinga. Ana ankawasiya apite, koma pobwerera, chidebe chili chodzaza pamutu, ankawatsekera njira ndi chibonga n'kuyamba mafunso. Ndi mfumu iti ya Angoni imene inakana kugwadira azungu? Nanga mwana wa mfumu amene anawomberedwa pamaso pa anthu ake anali yani? Wolephera ankaimirira padzuwa ndi madzi ake pamutu mpaka khosi liyambe kunjenjemera. Mayi wa mwana akabwera kudzadandaula, ankamuuza kuti athokoze, mwana wake waphunzira zimene aphunzitsi a masiku ano sadziwa.

Zakale ankazidziwadi, pamenepo sindiwanamizira. Akayamba kukamba za mafumu ndi atsogoleri a mayiko a kutali, unkamva ngati zishango zikugundana kuseri kwa nyumba. Koma m'moyo wa mfumu iliyonse ankakonda malo amodzi, pamene inalanga munthu. Ankati dziko silitengedwa ndi anthu achisoni. Ankati mtsogoleri weniweni ndi amene akamadutsa, wa chifuwa amameza chifuwa chake. Ankatinso munthu amene sanagonepo pa simenti ya ndende asakweze mawu pamaso pawo, ndipo ndi mawu amenewa ankatseka nawo pakamwa abusa, aphunzitsi ndi ana awo omwe. Ku tchalitchi sankagwada popemphera. Abusa atawafunsa mwaulemu, anayankha kuti maondo awo anagwira kale ntchito imeneyo m'ndende, Mulungu akudziwa.

Tsiku lina ndinapita ku msika wa ku Chongwe kukagula kapenta. Mayi wina wokalamba wogulitsa tomato anandifunsa kumene ndimakhala. Nditanena, anaseka osatsegula mano.

"Ndiwe muzukulu wa ba Soko? Ba tcheyamani?"

"Inde, amai."

"Ukabapatse moni. Ukabauze ati uja muzimai munamutayila tomato mu mugelo wa madzi oipa cifukwa analibe khadi ya cipani akali moyo. Ninali na mimba ya miyezi seveni, ninatola imodzi imodzi bakuseka."

Moniwo sindinakapereke. Koma ndinadziwa tsiku limenelo kuti kale, masiku a chipani chimodzi, ambuya ankaima pa chipata cha msika ndi chibonga chomwechi.

Pakhomo, madzi akumwa ankabweretsedwa ndi ambuya Esinati okha, atagwada. Ngati wailesi ikuwerenga nkhani, sankalandira kapu mpaka nkhani zithe, ndipo nkhalamba ija inkakhala chogwada pa timiyala, dzanja lili m'mwamba. Ine ndikafuna kuwalandira kapuyo, ambuya Soko ankandiloza ndi chibwano kuti ndibwerere. Ankawatchula dzina, Esinati, pamaso pa ife adzukulu, ngati akuitana kamtsikana.

Amayi anga, a Tisauke, anali mwana woyamba wa ambuya Esinati. Ambuya Soko sankawatchula dzina. Ankati Chotsala. Ana ena onse anapita ku sekondale, amayi anga ankaweta ng'ombe. Atakula anathawira kum'mawa, kwa achibale a amayi awo, ndipo ine ndinabadwira kumeneko. Za bambo awo sankakamba. Amayi anga atamwalira, uthenga unafika ku Palabana tsiku lomwelo. Ambuya Esinati anamanga kathumba kawo, anavala nsapato. Ambuya Soko anatenga kathumbako n'kukakhalira pa mpando paja tsiku lonse. Anati kum'mawa anachokako kamodzi, ndipo palibe wa m'nyumba mwawo amene adzapondeko iwo ali moyo. Amayi anga anaikidwa popanda amayi awo. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndi nkhanza chabe. Sindinadziwe kuti analinso mantha.

Nkhani ya kumangidwa kwa ambuya Soko tonse tinkaidziwa ngati pemphero la Atate Wathu. Anali mnyamata wonyamula makalata a omenyera ufulu, atawapinda n'kuwalowetsa m'chitsulo cha chishalo cha njinga. Anagwetsa mitengo mumsewu kuti galimoto za apolisi a atsamunda zisadutse. Anagwidwa, anamenyedwa kumapazi, anafunsidwa mayina a anzawo, sanatchule ngakhale limodzi. Anali ndi pepala lowatulutsa m'ndende, lofiirira ndi ukalamba, lolembedwa Tobiyasi Soko. Anali ndi chithunzi cha anyamata asanu ataimirira pa khoma, ndipo nkhope ya wachiwiri kuchokera kumanzere inali yoyera mbee, yopanda maso, yopanda mphuno. Ankati njenjete zinadya pomwepo, pa nkhope yawo. Analinso ndi jekete yakhofi imene ankavala kamodzi pa chaka, pa tsiku la ufulu. Jeketeyo inali yaikulu. Mapewa ankagwera m'mikono ndipo manja ake ankabisa zala.

Zaka zitatu zapitazo, pa tsiku la ufulu, tinakwera minibasi m'mawa kupita ku Chongwe, kumene okalamba omenyera ufulu ankakhazikidwa m'tenti kutsogolo. Kunali kutentha kwa Okutobala, ana a sukulu akuguba m'fumbi. Ambuya Esinati ndi ine tinakhala pansi kumbali kwa tenti pamodzi ndi amayi ena. Amalume a Geresomu anabwera ndi galimoto kuchokera kwawo ku Silverest, ndi anzawo awiri a ku ofesi, kuti aone bambo awo akulemekezedwa.

Wolengeza ataitana kuti ba Tobiyasi Soko, kumapeto kwa tenti kunadzuka nkhalamba yowonda imene sitinaionepo, diso limodzi loyera. Tinamva pambuyo pake kuti anali a Mwale, amene anali atangobwera kudzakhala ndi mwana wawo wamkazi, mphunzitsi. Anagwetsa ndodo. Anabwera akudzandira pakati pa mipando, manja atatambasula.

"Tobi! Tobi, uli moyo? Ananiuza ati unafa!"

Anthu anayamba kuwomba m'manja. Wina anakweza foni kuti ajambule. A Mwale anafika pafupi, anagwira jekete ija m'mapewa, anayang'ana nkhope ndi diso lawo labwinolo. Manja awo anatsika pang'onopang'ono.

"Imwe sindimwe Tobi."

"Nine, mkulu wanga. Khalani pansi, dzuwa lakuphani."

"Iyayi. Tobi ninagona naye selo imodzi. Anamuswa zala ziwili na citseko, nili pamenepo. Onetsani dzanja lamanzele."

Ambuya Soko sanatulutse dzanja. Anatembenukira kwa anthu n'kuseka kuseka kwawo kwakukulu kuja, nati ukalamba ndi matenda, tonse tikupita komweko. Ena anaseka nawo. Koma a Mwale sanachoke, anangobwereza za dzanja, ndipo kuseka kunayamba kuchepa. Pamenepo ambuya anakweza chibonga n'kuloza kumene tinakhala.

"Esinati! Bwela kuno."

Ambuya Esinati anadzuka movutikira. Anayenda mpaka kutsogolo kwa tenti.

"Gwada. Uza anthu aba. Anamangidwa nindani?"

Anagwada m'fumbi, pamaso pa akuluakulu a boma ndi ana a sukulu. A Mwale anawerama, anawayang'anitsitsa.

"Esinati? Ndiwe? Unali kubwela pa waya wa ndende na cinangwa cowocha, Tobi anali kunigawilako. Kamba, mulamu. Iwe udziwa."

Ambuya Esinati anayang'ana pansi. Ananena kanthu kamene sitinamve.

"Kweza mau," anatero ambuya Soko.

"Ni aba anamangidwa."

Tenti yonse inapuma. Anthu anaseka, ena anawomba m'manja. Mwana wa a Mwale anabwera akuthamanga, nkhope itagwa ndi manyazi, n'kuwakoka bambo ake dzanja. "Atate tiyeni, mwanisebanya pa anthu." Anapita nawo kuseri kwa tenti akucheuka. Ambuya Soko analandira chitenje cha mbendera ndi kansalu kopachika pachifuwa. M'minibasi pobwerera ankaimba nyimbo za ufulu, kondakitala akuwathandiza. Tili pafupi kutsika anaponya chitenje chija pamiyendo pa ambuya Esinati.

"Vala. Wasebenza lelo."

M'mawa mwake tinkatsuka zigubu za mkaka kuseri kwa khola, ambuya Esinati ndi ine. Sindinawafunse kanthu, ine kufunsa akulu kumandivuta. Anayamba okha, maso ali m'chigubu, ngati akuuza chigubucho.

Anati Tobiyasi Soko anali mwamuna wawo woyamba, bambo a amayi anga. Zonse za makalata, za mitengo, za kumenyedwa kumapazi zinali zoona, koma zinachitikira iye. Anatuluka m'ndende ndi zala ziwiri zokhota ndi chifuwa chosatha. Sankakamba za m'ndende. Ankakonza njinga za anthu ndi dzanja limodzi ndi mano. Anamwalira ufulu uli pafupi, mbendera yatsopano sanaione, ambuya Esinati ali ndi pakati. Anali ndi mng'ono wake dzina lake Mabvuto, woweta ng'ombe, amene tsiku limene apolisi anabwera m'mudzi anabisala m'nkhokwe mpaka madzulo.

Maliro atametedwa, akulu a banja anachita monga mwa mwambo. Anayala mphasa, anamukhazika Mabvuto, anamuveka jekete ya mkulu wake, anamugwiritsa chibonga chake, namuuza kuti kuyambira tsiku limenelo iye ndi Tobiyasi, alere mwana ali m'mimbayo ndipo asunge nyumba. Mkazi anaperekedwa pamodzi ndi jekete.

"Sanabe, Misozi," anatero. "Anapatsidwa, pamaso pa akulu. Dzina amapatsa wamoyo kuti wakufa asaiwalike. Uyu analitenga kuti wakufa asowe."

Kumudzi zimenezi sizikanavuta, chifukwa aliyense ankadziwa Tobiyasi wa ndende ndi Tobiyasi wa pamphasa. Koma nthawi yolembetsa reji, chitupa cha boma chija, itafika, analembetsa dzina latsopanolo, ndipo pepala la ndende linagwirizana ndi reji. Anasamutsa banja kubwera kuno, kumene kunalibe womudziwa. Chithunzi chija sichinadyedwe ndi njenjete. Anachipala ndi lezala, ambuya Esinati akuona, ndipo chinali chithunzi chokhacho cha mwamuna wawo padziko pano. Kumanda kwa Tobiyasi kunalibe chiliza, kunali mulu wa dothi pafupi ndi chulu, ndipo chichokere kumudzi sanaloledwe kukauonanso.

Ndinalimba mtima n'kufunsa chifukwa chake sananene zoona m'tenti muja.

"Geresomu anali paja na anzake. Ninamubalila ana asanu uja munthu. Nikanakamba ati ni wabodza, ine nikanakhala ndani?" Anatsanula madzi a m'chigubu. "Koma a Mwale ninabapha ine."

Patapita milungu anandituma mobisa kukafunafuna a Mwale ku Chongwe, ndikawauze kuti maso awo sananame. Ndinachedwa kupita, ndinkaopa kuti ambuya Soko amva. Pamene ndinapita ndinapeza mwana wawo yekha. Anati bambo ake chichokere tsiku lija sanafunenso kutuluka m'nyumba, ankangofunsa ngati mutu wawo wayambadi kusokonezeka. Anali atawaika m'manda sabata yapitayo.

Sitiroko inawagwira ambuya Soko pa mpando wawo womwewo, masana, wailesi ikulira. Inawatengera mbali ya kumanja ndi lilime. Maso okha ndi amene anatsala a ba tcheyamani. Kuchipatala anakhalako pang'ono, kenaka anabwezedwa kunyumba, ndipo ambuya Esinati anakana kuti wina aliyense awasamalire. Anthu a ku tchalitchi ankati onani chikondi. Ankawasambitsa, ankawatembenuza, sanawasiye ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Chitenje cha mbendera chija anaching'amba tizidutswa, ndipo ndi zimene ankawapukutira akadziipitsira.

Tsiku loyamba kuwadyetsa phala ine ndinali pakhomo la chipinda. Anakhala pa bedi, osagwada. Anatapa phala, analiuzira bwinobwino.

"A Mabvuto, tsegulani kukamwa."

Ambuya Soko anatseka milomo mwamphamvu.

"Palibe kanthu, a Mabvuto. Nizayembekeza. Nkhani zikalibe kutha pa wailesi."

Anakhala choncho, supuni ili m'mwamba, mpaka njala inapambana. Kuyambira pamenepo dzinalo linali m'nyumba tsiku lonse. Mwauka bwanji a Mabvuto. Tembenukani a Mabvuto. Alendo akabwera ankangoti abambo, alendo akachoka dzina linkabwerera. Nthawi zina ankawafunsa mofatsa ngati m'nkhokwe muja munali motentha. Misozi inkatsika mbali imodzi ya nkhope ya ambuya Soko, ndipo ankaipukuta ndi kachidutswa komweko. Ine ndinkamva chisoni, sindibisa. Tsiku lina ambuya Esinati ali ku dimba ndinawanong'oneza kuti ambuya Tobiyasi, mukufuna madzi? Anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamanzere, la zala zisanu zowongoka, mwamphamvu moti panatsala zipsera za zikhadabo. Sindidziwa ngati kunali kuthokoza.

Anamwalira mvula isanayambe. Pa maliro panabwera anthu ambiri, bokosi linakutidwa bwino, mbiri yanga inawerengedwa. Jekete amalume ankafuna kuti aikidwe nayo, koma inasowa. Tinafunafuna nyumba yonse. Ambuya Esinati anati mwina njenjete.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, amalume a Geresomu anakonza zoika chiliza. Anasankha mwala wakuda kwa wosema wina ku Chongwe, koma ntchito ku Lusaka inawapanikiza, ndiye ananditumizira mawu pa foni kuti ndiwalembe bwino papepala ndikapereke. Mawuwo anali Tobiyasi Soko, womenyera ufulu, anavutika kuti ife tipume. Anali atawauzapo akazi awo ine ndikumva kuti za Misozi sadera nazo nkhawa, mwana uja salakwitsa.

Tsiku lopita, ndinapeza ambuya Esinati atavala kale nsapato. Anati akufuna kukagula mchere. Tinakwera minibasi limodzi. Titafika kwa wosema, pakati pa miyala ndi fumbi loyera, ndinatulutsa pepala langa. Anaika dzanja lawo pamwamba pake.

"Tembenuza. Lemba kumbuyo."

"Ambuya, amalume azakalipa."

"Azakalipa, inde. Lemba."

Wosema uja ankatiyang'ana, pensulo ili kukhutu. "Nanga amai, ni maliro angati?"

"Amodzi," anatero ambuya. "Enawo anachitika kale."

Ine moyo wanga wonse sindinakanepo munthu wamkulu, ndipo tsiku limenelo akulu anali awiri, wina m'foni, wina pambali panga. Ndinaganiza za amalume amene anandigulira nsapato zimene ndinavala. Ndinaganiza za a Mwale akucheuka kuseri kwa tenti, ndi milungu imene ndinachedwa. Ndinatembenuza pepala. Ambuya ananena, ine ndinalemba: Mabvuto Soko, woweta ng'ombe.

Kuno chiliza chimamangidwa dzulo lake la mwambo wochivundukula n'kukulungidwa ndi nsalu yoyera, ndipo palibe amene amaona mawu mpaka abusa atapemphera. Kunabwera a kwaya, anzawo a amalume, ndi okalamba atatu a m'tenti muja atavala tinsalu tawo pachifuwa. Amalume analankhula za bambo awo ndi za dziko. Kenaka anamasula chingwe, nsalu inagwa.

Kwaya inali itayamba kale nyimbo. Inafa pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo. Amalume anawerenga, anavula magalasi, anawerenganso.

"Uyu wosema ni wopusa bwanji? Atipatsa mwala wa bene. Mabvuto nindani?"

Ambuya Esinati anali atakhala pansi, miyendo atatambasula. Sanakweze mawu.

"Ni atate ako."

"Amai, muli bwino?"

"Nili bwino lelo. Amene ali pansi apa ni Mabvuto, mung'ono wa Tobiyasi. Sanagonepo m'ndende. Funsa aliyense anamusambika ngati anaona cala cothyoka."

Amalume sankadziwa. Zimenezi ndinaziona pa nkhope yawo, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Munthu wa imvi zake, pamaso pa anzake a ku ofesi, anaoneka ngati mmodzi wa ana aja oimirira ndi chidebe pamutu. Mmodzi wa okalamba atatu aja anadzuka, anavala chipewa, napita osatsazika. Amalume anatembenukira kwa ine.

"Iwe. Tinakutola ulibe na nsapato."

Ndinagwada. Ndinati pepani amalume. Sindinathe kunena kuti ndalakwitsa.

Simenti inali isanaume bwino. Amalume anavula jekete yawo, anagwira mwala ndi manja awo, anaugwedeza mpaka unazuka. Anati mawa lomwe apita kukasemetsa wina wolembedwa bwino.

"Semetsa," anatero ambuya. "Nili na nyundo, ndipo manda ni pafupi. Tobiyasi ali na manda ake. Munthu saikidwa kawili."

Anthu anabalalika osadya. Mwala wina sunabwere. Amalume sanapondenso pakhomo pano, ndipo foni yanga sayankha.

Sabata yatha ambuya Esinati anatulutsa jekete ija m'thumba la chimanga m'mene anaibisa chaka chonse. Anaichapa, anaisita, anaipinda. Ndinawaperekeza ku Chongwe n'kuwakweza basi ya kum'mawa, koyamba chichokere kumeneko ali mtsikana. Dzana anaimba pa foni ya wachibale. Anati mudzi wa a Soko unasamuka kale, kumanda kwamera mitengo. Chulu achipeza. Pafupi ndi chulucho pali milu itatu yofanana, ndipo palibe wotsala amene akudziwa kuti wa Tobiyasi ndi uti. Ndinawafunsa kuti abwera liti. Anati akakumbukira.

Ndatsala ndekha ndi ng'ombe. Kumanda kwa ambuya Soko kuli simenti yosalala ndi zitsulo ziwiri zoloza kumwamba, pamene panayenera kukhala mwala. Mwalawo amalume anausiya tsiku lomwelo kuseri kwa khola, chafufumimba, ndipo nkhuku zimakwerapo kuothera dzuwa. Mpando wa minibasi uli pomwe unali, pansi pa kotapela. Siponji yake ili ndi dzenje la munthu mmodzi, ndipo mvula ya dzulo yasiyamo madzi. Chibonga chili chotsamira pa mtengo, palibe amene wachifuna. Ana opita ku pampu amadutsa tsopano akuthamanga, madzi akutayikira m'njira. M'mawa uno kamtsikana kena, kamene sikanawaonepo ambuya ali bwino, kanatula chidebe chake pa mpandopo kuti kapume, n'kundifunsa kuti mpandowu ndi wa yani.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Kanadikira pang'ono, kenaka kanasenza chidebe chake n'kumapita.